Chidole cha Mphete Kumsana

Tsiku limene anamucheka Edite pansi pa lilime ine kunalibe, ndinali ku Chipera kukasaka masipoko a njinga. Ndikanakhalapo, lumo lija likanayamba ladutsa pa ine. Ndinafika zitatha kale. Mwana anali pamphasa, magazi atayenderera pachibwano mpaka pamimba, ntchentche zikumuzungulira. Mayi wake, mlongo wanga Florinda, ankamupukuta ndi nsonga ya chitenje, diso lake lakumanzere litatupa moti silinkaphenya.

"Analira?" ndinafunsa.

"Ngakhale pang'ono, achimwene."

Taganizani. Mwana wa zaka zitatu, atate ake atamupana pakati pa mawondo, mkulu wina wa kutsidya kwa dambo atamuyasamulitsa ndi chala chonunkha fodya, n'kumucheka ndi lumo lometera ndevu, iye osatulutsa ngakhale kamawu. Misozi yokha. Akuti mkuluyo anapukusa mutu nati mtsempha wa mwana ameneyu ndi wolimba, pafunika kudzabwereza mozamirako. Florinda anayesa kulanda mwana, ndiye chake chinali chibakera cha mwamuna wake, chimene chinatupitsa diso lija.

Ine ndine Baltazar, ndimakonza njinga ndi mawailesi pa Malowera, ntchito imene ndinaphunzira ku Ukwimi, ku Zambia, komwe tinathawira nkhondo. Edite ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo kwathu kuno zimenezo zimatanthauza kuti ndi wa mbumba yanga, mlandu wake ndi wanga. Ndinanyamuka ndi mkwiyo wanga wonse kukamupeza Caetano, mwamuna wa Florinda, kuseri kwa nyumba komwe ankanola piki.

"Alamu, mwana wa mbumba yanga mwamucheka ndi chilolezo cha yani?"

Sanadzutse mutu. "Mbumba yanuyo munaisunga bwanji? Ndinasiya mimba yabwinobwino, mwandibwezera chitsa."

"Chitsa ndi amene amatenga lumo n'ku..."

Sindinamalize. Anandigwira pakhosi ndi dzanja limodzi n'kundikhomera pankhokwe, zidendene zanga zitasiya pansi. Ine mphamvu zanga zonse zinathera pakamwa, thupi ndilibe. Ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo.

"Mawa ndikupita ku Fíngoè kukakumba golide," anatero, mpweya wake uli pankhope panga. "Ndikabwera ndikufuna kumva 'atate'. Akapanda kunena tibwerera kwa mkulu uja, ndipo ulendo uno acheka mpaka mawu atuluke."

Anandisiya, ndinagwa ngati thumba la gaga, iye n'kupitiriza kunola piki yake.

Walira mvula walira matope. Tinalira mtendere zaka zonse zija, ndipo utabwera unatibwezera amuna momwe nkhondo inawasiyira. Caetano anatengedwa ndi anthu a mfuti Florinda ali ndi pakati. Anapita ali mnyamata wosekaseka, woimba kwaya. Anabwera mu 1994 atamupatsa khasu, nkhwangwa, ndowa ndi mbewu, ngati kuti munthu amene wakhala akupha anzake amachira ndi ndowa. Sankakhala chofulatira khomo, chitseko chikamenyeka ankadzambatuka, ndipo dzanja lake linkafika pamunthu mutu wake usanaganize. Amayi a pamudzi ankamulangiza Florinda kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Zonena za anthu amene mphenziyo siigwa panyumba pawo.

Chimene chinamutseka Edite pakamwa tonse tinkachidziwa, koma palibe amene ankachitchula. Ife tinathawa mochedwa, Edite ali khanda lakumsana. Tinkayenda m'thengo, kubisala m'makwawa, ndipo lamulo linali limodzi, mwana asalire. Kulira kwa mwana mmodzi kunkaphetsa gulu lonse. Ndiye khanda likangoyamba kukwinya nkhope, mayi ankalitsekera nsalu m'kamwa n'kulipanikiza pachifuwa mpaka a mfuti atadutsa. Mayi wina wa ku Chiputo anapanikiza motalika. Pochotsa nsalu mwana anali atapita, ndipo tinamufotsera ndi manja pansi pa chitsamba, mayiyo osaloledwa kulira nayenso. Edite anapulumuka, koma anaphunzira. Tinafika ku Zambia ndi mwana amene aliyense ankamuyamikira kuti ndi wosavuta. Anzake atayamba za "mama" ndi "tata", iye akafuna kutsokomola ankadzigwira pakamwa yekha.

Lilime lake linalibe vuto, ndinkadziwa. Koma mantha a mwana mungawamasule ndi sipanala iti? Ndinamupangira galimoto ya waya yokhala ndi kabelu ka njinga, anaibisa pansi pa mphasa. Ndinamupangira chitini cha timiyala choti azigwedeza, anakachikwirira mumchenga kuseri kwa bafa. Chilichonse cholira iye ankachiika m'manda. Ndipo Caetano anali atapita, masiku akudyeka.

Nthawi imeneyo tinkamanganso kapela yathu. Njerwa tinkagumula pabwinja la loja, sitolo ya Mpwitikizi wina amene anachoka kalekale, ife tili ana. Tsiku lina Anastácia, mnansi wathu wa pakamwa ngati ine ndemwe, anatukula chidutswa cha lata ladzimbiri n'kukuwa.

"Mina! Bomba la m'dothi kuno!"

Njerwa zinagwa pamitu, anthu anabalalika, wina anathawa ndi nsapato imodzi. Musaseke. Tisanakwere magalimoto obwerera kwathu anatiphunzitsa ndi zithunzi kuti ukaona kawaya, kachingwe kapena kamphete pansi, usakhudze, bwerera m'mapazi ako omwewo. Ndipo panjira ya kuchitsime panali kale manda a munthu amene sanamvere. Ndinasuzumira ndili patali. Kamphete koyera kanalipodi, ndi kachingwe kolowa m'dothi. Koma pambali pake panatuluka kadzanja ka zala zisanu ndi tsitsi lachikasu.

Ochotsa mabomba sankayembekezeka mvula isanagwe, ndipo njerwa tinkazifuna. Ndinachita momwe ndinawaonera iwo akuchitira. Ndinakoleka mbedza pamphetepo ndi nsungwi yaitali, n'kutambasula chingwe mpaka kuseri kwa chipupa. Ndinagona chafufumimba, ndinatchula dzina la Mulungu, n'kukoka. Sikunaphulike kanthu. Chinthucho chinatuluka m'zinyalala chikukhwekhwereka, ndipo chinabuula ngati nkhalamba yodzuka ndi msana.

Chinali chidole cha ana a azungu, kukula kwake ngati khanda lenileni, cha pulasitiki wolimba. Diso limodzi linali lotseka, tsitsi chiswe chitadya mbali imodzi, kadiresi katawola. Mpheteyo inali kumsana. Pachifuwa panali timabowo ngati ta pawailesi.

"Tayani uko, a Baltazar," anatero Anastácia. "Mzimu wa mwana wa mzungu umenewo. Mwaumva momwe ukubuulira?"

"Mzimu wokhala ndi parafuzu, kamsomali kopotola kaja, sindinauone, mayi," ndinatero, n'kuchipanira m'khwapa.

Timabowo tija ndi timene tinandigwira mtima. Chinthu cha timabowo pachifuwa chinapangidwa kuti chizilankhula.

Ndinachitsegula pamsoko ndi mpeni wotenthetsa pamoto. Ndinkayembekezera malo a mabatire, koma munalibe. Munali kabokosi, ndipo m'kabokosimo munali kambale kakang'ono kamizere ngati mbale ya galamafoni, kasingano kogona pamizerepo, ndi mola, sipuling'i yachitsulo yokulungika. Ukakoka mphete chingwe chimakunga mola, ukasiya mola imazunguza kambale, singano n'kutola mawu. Nzeru zonsezi kuti mwana wa mwini loja asasungulumwe, ife tikuyenda ndi zigamba kumatako. Ndinatukwana pang'ono, kenako ndinayamba ntchito.

Mola inali yadzimbiri, ndinainyika m'parafini n'kuipukuta ndi nthenga ya nkhuku. Kambale ndinakatsuka ndi sopo ndi mswachi wakale, pang'onopang'ono, poopa kufufuta mawu. Chingwe chinali chitafumbwa, ndinaikapo cha nayiloni chosokera matumba. Chimene chinandivuta ndi kalamba ka mphira kamene kamagwira liwiro la kambale, kanali katasanduka phala. Ndinadula kena pachubu cha njinga. Koyamba kanathina, chidole chinalankhula ngati chidakwa chogona m'ngalande. Kachiwiri kanakhwepa, chinalira ngati mbewa yopanidwa. Ndinadula, ndinapala ndi lumo, ndinadulanso, mawailesi a anthu akundidikira, eni ake akunditukwana. Tsiku lina masana ndinakoka mphete, ndipo m'manja mwanga munatuluka mawu a kamtsikana, osasa pang'ono koma omveka.

"Mamã! Tenho fome."

Ndinaseka mpaka misozi. Chakhala m'dothi zaka zonsezi, ndipo mawu ake oyamba n'ngoti chili ndi njala. Chinafika pamudzi woyenera.

Florinda anachisokera kadiresi ka chitenje n'kuchimanga kaduku pobisa pamene chiswe chinadya. Tinamukhazika Edite pakhonde, chilonda cha m'kamwa chitayamba kuuma, ndipo ndinamuikira chidolecho pamiyendo. Anachiyang'ana, anachigwira kaphazi. Ndiye ndinakoka mphete.

Chimene ndinaona sindidzachiiwala. Mawu atangotuluka, mwanayo anachiphimba pakamwa ndi manja onse awiri. Chinapitiriza kulankhula. Anavula kansalu kake n'kuyamba kukakankhira pamilomo ya chidole ndi zala, mwamphamvu, akuchipanikiza pachifuwa, maso ali kutchire. Palibe amene anamuphunzitsa zimenezo ndi pakamwa. Florinda anathamangira kuseri kwa nyumba, ndinamumva akusanza.

Koma chidole sichilankhulira pakamwa. Mawu ankatulukira patimabowo tija, ndipo chinanena zake zonse mpaka chingwe chitalowa. Edite anadikira, thupi lili gwa. Kutchire sikunatuluke munthu. Nkhuku zinapitiriza kutola zake, mbuzi ya Anastácia inapitiriza kudya mpanda wathu.

"Njala tili nayo tonse, mwanawe," ndinachiyankha chidolecho mokweza. "Dikira chimanga chiche."

Ndinakokanso. Edite anachitsekanso, koma ndi dzanja limodzi. Tsiku limenelo ndinakoka mpaka chala changa chinatupa.

Patapita masiku anayamba kukoka yekha. Ankalowetsa kachala m'mphetemo, kukoka mpaka chingwe chithe, n'kusiya, khutu ataligunditsa pachifuwa cha chidole. Ankachibereka kumsana, ankachidyetsa dothi. Florinda anaphunzira kuchiyankha akusinja. Chikati "Mamã" iye ankati "Ee, mwanangu, ndili pano," maso ali pa mwana wake weniweni. Kenako tinaona milomo ya Edite ikutsatira, kutseka ndi kutsegula, popanda mawu. Tsiku lina ndikumanga gudumu ndinamva kamawu konga ka njuchi kakuchokera pakhonde. Sindinacheuke, kuopa kukathamangitsa. Anali iyeyo, akung'ung'udza kukhosi motsatira chidole.

"Achimwene, atsala pang'ono," anandinong'oneza Florinda. "Mulungu angowachedwetsako atate ake."

Mulungu sanawachedwetse.

Caetano anafika masana, wapansi, piki paphewa, thupi lonse lofiira ndi dothi la m'migodi. Ine ndinali pansi pa mtengo ndi njinga ya mphunzitsi, Florinda akupeta, Anastácia atabwera kudzapempha moto. Ndinamuona akutulukira pampanda, ndipo ndinaona pamene maso ake anagwera. Edite anakhala pabwalo chotifulatira pang'ono, chidole chili chafufumimba pamiyendo, chokutidwa ndi nsalu. Chimene chinkaoneka ndi kachala ka mwana m'mphete, ndi chingwe chikutuluka.

Ife tinali titaiwala kale momwe mphete ija inatibalalitsira pabwinja. Iye anali asanaionepo. Ndipo iye sanaphunzire pazithunzi ngati ife. Anali ataona ndi maso ake wailesi yosiyidwa panjira, chitini cha nsomba, nsapato yatsopano, zonse zotchera mabomba, ndi zimene zimatsala za munthu amene watola.

"Garanada! Bomba! Gonani!"

Piki inagwa. Sindinaonepo munthu akuthamanga chotero. Anachikwatula chidolecho m'manja mwa mwana, chala chikadali m'mphete, n'kuchiponya kutali kunkhokwe, ndipo iye mwini anadzigwetsa pa Edite ndi thupi lake lonse, manja ataphimba mutu wa mwanayo. Ndinamva kulira kwa fupa, thwa, ngati nthambi youma. Anagona pomwepo atatsinzina, msana wake ataupereka ku bomba.

Sikunaphulike kanthu. Kenako kunkhokwe kuja chingwe chinayamba kulowa.

"Mamã! Tenho fome."

Anastácia anaseka. Sindimuimba mlandu, kunali kuseka kwa mantha, kumene kumangotuluka kokha, ndipo anadzigwira pakamwa msanga. Koma kunali kutamveka.

Caetano anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana kunkhokwe, anayang'ana Anastácia, kenako anayang'ana pansi. Edite anali chagada m'fumbi, mkono wamanja utapindika pamene mkono supindika, kachala katasupuka khungu. Kukamwa kunali yasa, misozi ikutsikira m'makutu, mawu osatuluka. Nkhope ya Caetano inachita chinthu chimene sindingathe kuchifotokoza. Ndikanakonda akanalira.

"Chinthu chimenechi n'cha yani?"

"N'changa, alamu. Ndi chidole chabe, ndinachikonza kuti mwana..."

Mpini wa khasu unali pafupi. Woyamba unandipeza pakamwa, ndinamva mano akusweka ndi kulawa dothi ndi magazi. Wachiwiri unagwa panthiti. Ndinagwera panjinga ya mphunzitsi, masipoko akundibaya, iye akumenyabe, pamsana, pamiyendo, pamanja amene ndinaphimba nawo mutu.

"Mumaseka! Mumandiseka! Mphete! Mwana wanga mumamupatsa mphete!"

Florinda anamudumphira kumsana. "Atate ake Edite, mupha munthu!" Caetano anamugwedeza ngati galu wogwedeza madzi, n'kumubweza ndi chigongono. Mlongo wanga anakagunda mutu pamtondo, chipumi chinang'ambika, magazi anatseka diso. Anastácia anathawa akukuwa kuti anthu abwere. Anthu anabweradi, n'kuima kunja kwa mpanda. Amuna athunthu, a ndevu zawo, kuonerera ngati gule. Ena a iwo ndimawakonzerabe njinga mpaka lero, koma moni wanga amaudziwa kuti ndi wouma.

Atatopa nane anataya mpini n'kutenga nkhwangwa. Ndinati basi, kwanga kwatha. Koma anandilumpha n'kupita kunkhokwe. Nkhwangwa yoyamba inadula mutu wa chidole, kaduku n'kuuluka. Yachiwiri inatsegula chifuwa. Mola inatumphuka n'kukakodwa paudzu wa nkhokwe, kambale kanasweka pakati. Anatema, anatemanso, akubuula ndi nkhwangwa iliyonse, mpaka panatsala tizidutswa tosadziwika kuti tinali chiyani. Ndinalira, sindibisa. Osati chifukwa cha mano. Ndinkaona lumo lija likubwerera.

Edite anali atadzikhazika tsonga, mkono ukulendewera. Anaonerera nkhwangwa iliyonse osaphethira.

Caetano anaponya nkhwangwa pansi. Anaima akupuma ngati ng'ombe yolima. Ndiye anatembenuka, ndipo ukali wonse unali utamuthera, anatsala munthu wofiira ndi dothi amene wathyola mkono wa mwana wake. Anapita kwa Edite n'kugwada, natambasula manja.

"Bwera ndione, mwanangu. Bwera kwa atate."

Mwanayo anadzikhwekhwereza chobwerera m'mbuyo ndi matako. Caetano anamuyandikira. Edite anabwereranso mpaka msana unagunda chipupa. Dzanja la Caetano litatsala pang'ono kumukhudza, ndinaona kachifuwa kake kakukwera.

"Choka."

Mawu anali osasa, okhuthala, aakulu kuposa mwini wake. Koma panalibe wofunsa kuti wati chiyani. Anamveka mpaka kumpanda.

Florinda anadzuka pamtondo paja, magazi ali chuchuchu kumaso, n'kuimba nthungululu. Inde, nthungululu, ngati paukwati, mwana wake ali ndi mkono wothyoka, mchimwene wake akulavula mano. Anthu a kumpanda anayesa wapenga. Ine ndinayesa kuseka, nthiti zinakana.

Caetano sanasunthe. Manja anali chitambasulire, maso ali pakamwa pa mwanayo. Munthu uyu anali atadzigwetsa pa bomba chifukwa cha iye, ndipo chiyambire anali asanamvepo mawu ake.

"Nenanso," anatero motsitsa.

"Choka!"

Anakhala pansi m'fumbi momwemo, misozi ikutsegula tinjira m'dothi la kumaso kwake.

"Nenanso, mwanangu. Chonde, nenanso."